Mtondo wa agogo sugulidwanso pamsika

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, misika yonse ya m'boma la Kasungu imadzuka. Ku Santhe, ku Chamama, ku Nkhamenya ndi ku Chatoloma amalonda amayala mapoto, mabeseni a pulasitiki, zitenje ndi nsapato za kaunjika, podziwa kuti mlimi akagulitsa mabelo ake sabwerera kumudzi chimanjamanja. Chakumapeto kwa msika, moyandikana ndi ogulitsa mphasa ndi malichero, mumapeza bambo mmodzi kapena awiri atayala mithiko, zipande, mipini ya makasu ndi timitondo tosinjira nsinjiro. Nyamulani mthiko umodzi muuyese m'manja. Ngwopepuka, ngwoyera mbee, ndipo mukaukanda chikhadabo chimalowa. Yambiri ndi ya malaina, ya bulugamu kapena ya mango. Luso la wosemayo lidakalipo. Imene inatha ndi mitengo yomwe atate ake ankasema.

Dera lonse la Kasungu linali nkhalango ya mitengo yachilengedwe: mombo, mchenga, msuku, muwanga, mlombwa wotuluka utomoni wofiira ukatemedwa, ndi mbawa m'mphepete mwa mitsinje. Wofuna kuona momwe kunkaonekera apite ku Kasungu National Park, malo osungira nyama amene anakhazikitsidwa mu 1970 ndipo kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 2,300, kapena akwere kunkhalango ya Chimaliro. Mukangotuluka m'malire a malo amenewa, maso amafika patali osatchingidwa ndi kanthu.

M'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa boma lomweli, maesiteti a fodya anafalikira pansi pa makampani a Press ndi General Farming komanso bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Fodya wa fuluu amaumitsidwa m'balani ndi moto wosazima pafupifupi sabata yathunthu, usana ndi usiku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale. Ameneyu safuna nkhuni, koma amafuna chigafa, ndipo chigafa chimafuna mphanda, mitanda ndi mikangala imene chiswe sichichedwa kudya. Mu 1999 katswiri wina, Helmut Geist, anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti m'zaka zoyambirira za m'ma 1990 pafupifupi magawo 26 pa 100 aliwonse a nkhalango zimene zinkatha m'Malawi zinkatha chifukwa cha fodya. Sindikuloza chala mlimi. Fodya yemweyo ndiye analipira sukulu ana ambiri a kuno ndi kufolera malata nyumba zawo, ndipo makala, nkhuni zootchera njerwa ndi minda yatsopano nazo zinadya gawo lake. Koma mbawa ndi mlombwa zasowa mu Africa monse, moti mu 2022, pamsonkhano wa pangano la CITES ku Panama, maiko anagwirizana kuti malonda a matabwa a mitengo imeneyi kunja kwa dziko aziyendera chilolezo chapadera.

Mlombwa sufulumira. Mbande yake imatha kuphuka nthawi ya mvula n'kuuma m'chilimwe chaka ndi chaka, mwina mpaka zaka khumi, ikukulitsa mizu pansi isanaimike thunthu. Kuti thunthulo lidzakwane mtondo wokonolera chimanga, wodzalayo amakhala atakalamba kapena atapita kale. N'chifukwa chake mtondo wa mlombwa kapena wa mbawa, ndi munsi wa muwanga, zimene zatsala pakhomo panu kuchokera kwa agogo, ndi katundu amene mulibe kokagula wina. Zimandipweteka kuona mtondo wotere uli gone kuseri kwa bafa, mvula ikuuthira, nkhuku zikuikiramo mazira, chifukwa chakuti kunabwera chigayo.

Tembenuzani mtondo wakale muone kunsi kwake, chifukwa kuwonongeka kumayambira kumeneko. Kumwamba umaoneka wabwinobwino, m'kamwa mwake mosalala ndi mwakuda chifukwa cha mafuta a mtedza ndi manja a amayi amibadwo iwiri kapena itatu. Kunsi, pamene umakhudza dothi, mupeza mtengo utafewa, timizere tadothi ta chiswe titakwera m'mbali, ndipo mukabaya ndi msomali umangolowa osakana. Mkati mwake mtengo uli ngati mtolo wa bango woimika: uli ndi timipaipi tosaoneka ndi maso timene tinkakweza madzi kuchokera kumizu kupita kumasamba. Ngakhale utadulidwa, timipaipito timagwirabe ntchito. Mtondo ukaima padothi lonyowa umamwa madzi kuyambira pansi, ndipo ponyowa m'pamene chuku ndi chiswe zimakonda.

Azakhali anga ankati akamaliza kukonola, chimanga chitapita m'lichero, ankapukuta mkati mwa mtondo ndi chikonyo cha chimanga, n'kuugoneka chammbali pakhonde pamwamba pa njerwa ziwiri, kukamwa kutaloza kumene kukuchokera mphepo. Wina akauimika pabwalo madzulo ankangoti, "Mwanawe, mtondo sugona ndi madzi. Kaubweze pamalo pake." Sankauvundikira padothi, chifukwa chinyezi chimatsekeredwa mkati, ndipo sankausiya padzuwa la mu Okutobala.

Dzuwa ndi madzi zimawononga mothandizana. Mtengo ukanyowa umafufuma, ukauma umabwerera, koma kunja kumauma msanga mkati mukadali monyowa. Kunja kukamakoka pamene mkati mukukana, mng'alu umatseguka. Kuno kwathu nyengo imachita zimenezi mwamphamvu: kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya umakhala wachinyezi, kenaka mwera wa mu Juni ndi Julayi umaumitsa chilichonse, ndipo kutentha kwa mu Okutobala kumadzamaliza. Chiwiya chamtengo chimafuna kuuma pang'onopang'ono, pamthunzi podutsa mphepo. Mng'alu ukangoyamba, usadikire kukula. Utsekeni ndi phula la njuchi losungunula, kenaka mangani mtondowo m'chiuno ndi mkombero wachitsulo kapena ndi chingwe cha chikopa chosafufuta chimene mwachiviika m'madzi. Chikopa chotere chikamauma chimakoka chokha n'kugwira zolimba kuposa waya.

Mng'alu umabweretsanso vuto lina. Kasungu ndi kwawo kwa mtedza, ndipo ntchito yaikulu imene yatsalira mtondo masiku ano ndi kusinja nsinjiro, chigwada ndi chimera cha thobwa. Nsinjiro zikatsalira m'ming'alu n'kupeza chinyezi zimachita chuku, ndipo chuku cha mtedza ndi chimanga chimatha kutulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Mukatha kusinja mtedza, sinjanimo madeya ouma pang'ono kuti amwe mafuta otsalira, kenaka kokotani ndi kusesa bwino. Ndi bwino kukhala ndi kamtondo kena kosinjira mankhwala azitsamba, kosiyana ndi ka zakudya.

Mthiko ndi chipande zimavutika mwa njira ina. Nsima ikaomoledwa, poto amathiramo madzi kuti nkhoko zifewe, ndipo mthiko amauponya momwemo mpaka m'mawa. Usiku umodzi sukupha, koma chikakhala chizolowezi mthiko umayamba kuchita tiubweya, nsonga yake imada, umanunkha chosasa, kenaka umang'ambika. Utsukeni nsima isanaume. Ikauma, paleni ndi kuseri kwa mpeni, n'kutsuka ndi phulusa losefa kapena sopo pang'ono. Sitiliwulu musiyireni mapoto: tizidutswa take timakanirira m'mtengo, timachita dzimbiri, ndipo chitsulo chikakumana ndi madzi a m'mitengo ina chimasiya madontho akuda osachoka. Pathandala mthiko ukhalepo mpaka uume basi, usatandalepo tsiku lonse.

Amayi akale ankatsomeka mithiko ndi zipande kudenga la khitchini yaudzu, pamwamba pa mafuwa. Utsi wa tsiku ndi tsiku unkaziumitsa ndi kuthamangitsa tizilombo toboola mitengo. Lero makhitchini ambiri ndi amalata, ena amaphikira pambaula panja, ndipo ziwiya zimasungidwa m'beseni kapena m'kabati yotseka. M'malo otere mukaona kafumbi kosalala pansi pa chipande, dziwani kuti chayamba kufumbwa. Tizilombo timakonda mbali yoyera yakunja kwa thunthu, imene imakhala ndi chakudya chawo, ndipo mtima wa mtengo, wofiira kapena woderawo, timaulephera. Pali ndi nankafumbwe wamkulu uja, amene kwawo ndi ku Central America, anafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kulowa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu saboola chimanga chokha. Amalowa ndi m'mitengo ya nkhokwe, ndi m'ziwiya zimene zili pafupi ndi matumba. Chipande chofumbwa pang'ono chiviikeni m'madzi owira kwa mphindi zingapo, kamodzi kokha, n'kuchiumitsa pamthunzi. Mankhwala a ufa othira m'chimanga, monga Actellic, asayandikire mtondo kapena mthiko.

Nkhani ya mankhwalayi ndi yofunika kwambiri m'dera la fodya. Kuyambira nthawi ya nazale mpaka yophera mphukira, pakhomo pamakhala mabotolo ndi mapaketi osiyanasiyana. Bambo akamasungunula mankhwala m'ndowa amatuma mwana kuti abweretse kamtengo kotakasira, ndipo mwana amathamangira chimene chili pafupi: mthiko wakale wa kukhitchini. Mtengo umamwa. Mthiko umene walowa m'mankhwala a m'munda sungayeretsedwe ndi sopo aliyense. Uthyoledwe n'kukwiriridwa kutali ndi chitsime, usasonkhezeredwe pamoto wophikira. Chimodzimodzinso nthawi yosankha ndi kudinda fodya, pamene chipinda chilichonse chimasanduka mosungira masamba: ziwiya zamtengo zichoke m'menemo, chifukwa fungo la fodya likalowa m'chipande limakamveka m'phala la mwana.

Ena amataya ziwiya zamtengo poganiza kuti pulasitiki ndiye waukhondo. Ofufuza a pa yunivesite ya Wisconsin ku America, motsogozedwa ndi Dean Cliver, anasindikiza mu 1994 zotsatira zosonyeza kuti tizilombo toyambitsa matenda tikaikidwa pathabwa louma timamwedwera mkati n'kuchepa msanga pamwamba, pamene papulasitiki wokandikakandika ndi mpeni timabisala m'mikwingwirima movuta kutsuka. Chinsinsi chake ndi chakuti thabwalo liume. Mu 2017 bungwe la UNESCO linalemba nsima m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a padziko lonse, ndipo nsima imeneyo palibe amaitakasa ndi supuni yachitsulo.

Za kudzoza mafuta, tisapitirize muyeso. Mthiko wogwira ntchito tsiku lililonse sufuna zambiri. Mbale yamtengo, thabwa lodulirapo kapena chipande chosungira alendo n'zimene zimafuna kudzozedwa zikayamba kutuwa. Mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena a soya akachuluka amamata n'kuyamba kununkha pakapita miyezi, choncho pakani ochepa kwambiri n'kupukuta otsala. Chabwino koposa ndi phula la njuchi losungunulira pamodzi ndi timafuta pang'ono. Phula silisowa, poti midzi yozungulira paki ndi nkhalango ya Chimaliro ili ndi alimi a njuchi, ndipo ambiri akafinya uchi zisa amangotaya. Mafuta a nsatsi ofulula pakhomo ndi a chikopa ndi khungu, asapite pa chiwiya chodyera, paja njere za nsatsi zili ndi poizoni. Samalaninso ndi mbale zokongola zogulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu. Zina amazipaka polishi wa nsapato kuti zide zioneke za phingo, zina vanishi. Zimenezo n'zokongoletsera pabalaza.

Pogula chatsopano, sankhani cholemera koma chouma. Mtengo wauwisi umamveka kuzizira pakhungu ndipo ukafika kunyumba umapindika. Funsani dzina la mtengo, chifukwa ina, monga mwavi, ndi yakupha ndipo wosema wodziwa ntchito saigwiritsa pa ziwiya. Ndipo musamunenerere mpaka kumufinya. Munthu amene wayenda mtunda kufuna mtengo, wausema ndi kasemasema, waupala ndi kuuumitsa pamthunzi milungu ingapo, akalandira ndalama yosakwana botolo la zakumwa amaphunzira kusema mwachangu mtengo uliwonse umene waupeza.

Chikopa nacho chili ndi mbiri yaitali kuno. M'paki ya Kasungu mukadali ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo, ndipo osula ankakoleza moto wawo ndi mivukuto ya zikopa za mbuzi. Kumpoto, kumalire ndi Mzimba, Angoni amavinabe ingoma atanyamula zishango za chikopa cha ng'ombe. M'midzi ya alimi a fodya chikopa chimagwira ntchito pa goli la ng'ombe zokoka ngolo, pa mipando yoluka, pa ng'oma, kuwonjezera pa nsapato, malamba ndi zikwama zogula.

Ubwino wa chikopa umayamba chiweto chikadali moyo. Nkhupakupa, chikwapu, waya waminga ndi chizindikiro chootcha pamalo olakwika zimasiya zipsera zimene wofufuta sangazichotse. Kenaka pamabwera mpeni wa wosenda. Pitani kuseri kwa ziwaya pamsika uliwonse m'mawa muone zikopa za mbuzi zili mulu padothi, zobookabooka, mafuta ndi tinyama zikadali pomwepo, ntchentche zili ng'waa. Chikopa chimayamba kuola patangopita maola ochepa nyama itaphedwa. Chofunika ndi kuchipala mafuta ndi magazi, kuchithira mchere wambiri mbali ya mnofu, kapena kuchitambasula ndi zingwe pa chimango cha mitengo choimika pamthunzi kuti mphepo iombe mbali zonse. Chizolowezi chokhomera chikopa pansi ndi zikhomo padzuwa la masana chimaumitsa kunja kokha. Mkati mumapsa n'kuola mobisika, ndipo zimadzaonekera tsiku limene chingwe chaduka ngolo ili pakati pa dambo ndi mabelo. Zikopa zambiri za m'dziko muno zimatayidwa kapena kugulitsidwa zosafufuta pamtengo wolira, pamene nsapato timavala zochokera kunja.

Chenjezo limodzi lisaphonyedwe: ng'ombe kapena mbuzi yofa yokha mwadzidzidzi isasendedwe. Matenda a anthrax amafalikira kudzera m'magazi, nyama ndi chikopa, ndipo mbewu zake zimakhala zaka zambiri m'chikopa chouma. Chakumapeto kwa 2023 matendawa anavuta kwambiri ku Zambia, dziko limene Kasungu amachita nalo malire, ndipo anapezekanso m'Malawi. Itanani alangizi a ziweto.

Chingwe cha goli chimafewa ndi mafuta ndi kupotokola. Oweta ng'ombe kummwera kuno kwa Africa amachipachika panthambi, n'kumangirira mwala wolemera kunsi, n'kumachipota ndi kuchimasula mobwerezabwereza akupaka mafuta a ng'ombe osungunula mpaka chitalobodoka. Chikatero chimafuna kudzozedwa mvula isanayambe ndiponso ikatha, ndi kupachikidwa m'mwamba usiku, kutali ndi agalu ndi makoswe. Oyilo wakuda wochotsa m'injini ya chigayo kapena ya njinga yamoto, amene ambiri amapaka chifukwa ndi waulere, amafooketsa chikopa ndipo amatha kuyabwa khosi la ng'ombe pamene goli lakhuza kale.

Nsapato ndi malamba a m'sitolo ndi chikopa chofufutidwa kufakitale, nthawi zambiri ndi mchere wa chromium, njira imene Augustus Schultz anailembetsa ku America mu 1884 ndipo lero ndiyo ikugwiritsidwa ntchito pa zikopa zambiri padziko lapansi. Mdani wake wamkulu ndi moto. Mwana akabwera kusukulu mu Januwale nsapato zili chonyowa, makolo amaziika pafupi ndi mbaula kuti mawa avale zouma. M'mawa zimapezeka zitauma gwa, zitakhwinyata, ndipo pakapita masiku zimang'ambika popindikira zala. Ulusi wa m'chikopa ukakhwinyata ndi kutentha subwereranso. Chikopa chosafufuta ndiye sichipirira n'komwe, chikakhala chonyowa chimayamba kuwonongeka pa madigiri apakati pa 60 ndi 65. Chotsani matope ndi kansalu konyowa, masulani zingwe, pakiranimo mapepala a nyuzi n'kumawasintha, ziume zokha pakhonde. Polishi apakidwe zitauma. Feteleza akagwera pa nsapato kapena palamba atsukidwe tsiku lomwelo, chifukwa ndi mchere ndipo amaumitsa chikopa. Chikwama chikachita chuku m'dzinja, chipukuteni panja ndi viniga wosakaniza ndi madzi, ndipo musachisunge m'jumbo. Chidendene chikayamba kudyeka mbali imodzi, pitani nazo kwa osoka nsapato pamsika chikopa chapamwamba chisanakhudze pansi. Koma nsapato imene ikusupuka ngati utoto, kunsi kukuoneka nsalu, ndi pulasitiki, ndipo palibe mafuta amene angaipulumutse.

Mtengo ndi chikopa zimakumana pa ng'oma. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, salira popanda mbalule, mpanje ndi gunda, ndipo chimtali ndi mganda nazo zimadalira ng'oma. Thunthu lalikulu loti n'kusemapo ng'oma likusowa chimodzimodzi ndi la mtondo, choncho mudzi umene uli ndi ng'oma zakale uzisunge ngakhale chikopa chitang'ambika, poti chikopa chimapezeka chaka chilichonse. Oimba ng'oma amaiwamba pamoto gule asanayambe kuti mawu akwere, koma taonani momwe odziwa amachitira: moto wake ndi waudzu kapena wamapesi, ng'oma amaiika chapatali, amaitembenuza, amasisita chikopa ndi chikhatho n'kumaigogoda kuti amve pamene yafika. Mnyamata wothamanga magazi akaikankhira pafupi ndi lawi, chikopa chimapserera pakati ndipo chimaphulika gule ali mkati. Gule akatha, ng'oma ipachikidwe kudenga m'nyumba youma, isaimikidwe pansi pomwe chiswe chingaipeze, ndipo phula lomata pakati lichotsedwe kapena liphimbidwe, chifukwa makoswe akalinunkhiza amadya ndi chikopa chomwe. Zikhomo zikayamba kugwedera kapena m'mphepete mukayamba kuthetheka, wodziwa kukunga ng'oma aitanidwe m'miyezi yokolola, nyengo ya zinamwali ndi ziliza isanafike.